Kapini ka M'thumba la Ovolosi

Lamlungu, 17 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Amayi, Achimwene ndi ana onse. Ndinamva kuti tsopano mukumayenda mpaka pageti popanda wokugwirani dzanja, ndipo tsiku limene ndinamva zimenezo ndinagwira ntchito ndikuimba. Koma chonde musapupulume. Ndimakudziwani inu, adokotala akati muyende pang'ono, inu mumamva ngati akutumani kumsika.

Alamu, ndikudziwa kuti ndinu amene mukuwawerengera Bambo kalatayi. Pepani, yatalika. M'katimu muli malo ena amene sindikufuna kuti Amayi amve mwadzidzidzi. Mukafika pamene ndatchula tiyi, muwapemphe akatereke madzi, ndipo muwauze kuti asafulumire.

Ndiyambe ndi mawu awa kuti muwagwiritse pamene mukumva zotsatirazi: kuno tili bwino tonse. Ine ndili bwino, mdzukulu wanu Kamphepo ali bwino, ndipo boti la matanga lija munalisamala zaka makumi awiri, limene tonse pano timalitcha Nkhalamba, likadali ndi mlongoti wake chilili.

Za kuntchito, denga la shedi lija analikonza, moti mvula siidonthanso pa benchi yanu. Ndimatibe benchi yanu ngakhale ndakhalapo zaka zitatu tsopano. Msomali umene munkapachikapo jekete ulipo, ndipo palibe amene amayerekeza kupachikapo kanthu. Maboti awonjezeka, afika asanu ndi anayi, ndipo onsewo zitsulo zake za mlongoti ndi zingwe zili m'manja mwanga.

Alamu, tiyi woyamba ndi pano. Tsopano ndiulule bodza langa. Ndinakuuzani kuti Kamphepo akugwira ntchito mu ofesi, akulemba maina a alendo obwera kudzakwera maboti. Mu ofesimo anakhalamo masabata awiri okha. Tsiku lina wothandiza a Kaputeni anadwala, iye anati, "Ndipite ine," ndipo chichokereni tsiku limenelo mpando wa mu ofesi sunamuonenso. Patha chaka ndi miyezi inayi akuyenda panyanja. Ndinabisa chifukwa cha mtima wa Amayi, komanso chifukwa ndinkati ndi zachibwana, atopa nazo. Sanatope. Manja ake ali ndi zikang'a kuposa anga, ndipo a Kaputeni, amene sayamika munthu, amamusiyira chiongolero n'kupita kukagona.

Sabata yathayi Nkhalamba inali ndi ulendo wa masiku anayi wopita ku zilumba, itanyamula alendo anayi, a Kaputeni ndi Kamphepo. Abwana athu, amayi aja amene anandilemba ntchito m'malo mwanu anthu onse akunena kuti adikire apeze mwamuna, anandiuza kuti ndiyendere zitsulo zonse ulendo usanayambe. Ndinapatsidwa Lolemba ndi Lachiwiri.

Ndinachita monga munandiphunzitsira, Bambo, osadumpha kanthu. Ndinayamba ndi kutsuka mchere wonse ndi madzi abwino. Kenaka ndinatenga zokungira mawaya a mlongoti chimodzichimodzi. Ndisanamasule ndinkaika chizindikiro pa mazinga kuti ndidzabweze pamene chinali. Ndikamasula ndinkatsuka mazingawo ndi palafini ndi kaburashi ka mano kakale mpaka girisi wakuda yense atachoka, n'kupukuta, n'kuyang'ana padzuwa ngati pali mng'alu. Pambuyo pake girisi watsopano, pang'ono chabe, wopaka ndi chala osati womwaza ngati matope. Timawilo todutsamo zingwe ndinatitsuka, n'kudontheza oyilo, n'kutizunguza pafupi ndi khutu kuti ndimve ngati tikulira mchenga. Chokungira cha kumanja chinali chitauma gwa. Sindinachikakamize ndi chitsulo chachitali ayi. Ndinachinyowetsa ndi oyilo n'kuchisiya mpaka mawa lake, ndipo chinamasuka chokha ngati chinkangofuna kupemphedwa. Mukanaona mukanagwedeza mutu.

Alamu, poti inu ntchito imeneyi simuidziwa, ndikufotokozereni pang'ono kuti mumve chimene mukuwerenga. Mlongoti wa boti suima wokha. Umagwiridwa ndi mawaya kumanja, kumanzere, kumbuyo ndi kutsogolo. Waya aliyense amalumikizidwa ku boti ndi pini yonenepa ngati chala chachikulu. Kumapeto kwa piniyo kuli kabowo, ndipo m'kabowomo timalowetsa kapini kakang'ono ka miyendo iwiri n'kukatanyula miyendoyo kuti pini yaikulu isasololoke. Kapiniko ndi kochepa kuposa kamtengo ka machesi. Mukakaona pansi simungawerame n'komwe. Ine ndikamasula waya, kapini kakale ndimataya, ndimaika katsopano.

Lachiwiri masana ndinali nditatsala ndi waya mmodzi, wa kutsogolo. Ndinamanga chingwe chogwirizira mlongoti, ndinamasula, ndinatsuka, ndinapaka girisi pini yaikulu n'kuibwezera m'malo mwake. Kapini katsopano kanali pakamwa panga, pulayala m'dzanja. Nthawi imeneyo ndi pamene Kamphepo anabwera akuthamanga pa matabwa a doko, pepala lili m'manja.

"Amayi, anditenga!"

Ndinachotsa kapini pakamwa kuti ndilankhule. "Akutenga ndani?"

"A sitima ya matanga yaikulu ija inaima pano mwezi wa Meyi. Ndinalemba kalata yofunsira ntchito. Ati ndiyambe Okutobala. Zaka ziwiri, Amayi, tiziwoloka nyanja yonse."

"Unalemba liti? Bwanji sunandiuze?"

"Mukanandikaniza."

"Ndikukaniza tsopano lino. Sukupita."

Zimene tinauzana pamenepo sindingazilembe zonse. Ndinamuuza kuti ndinamulera ndekha, kuti ndilibe wina, kuti maulendo a kuzilumbawa ndi okwanira chifukwa amapita n'kubwera ine ndikuona. Iye anati, "Inuyo Agogo atakupatsani sipanala, Agogo aakazi analira mwezi wathunthu, koma simunaitaye. Lero ndinu amene mukutseka chitseko?" Mawu amenewo anandilasa. Ndinaimirira, ndinamuuza kuti achoke pamaso panga, ndipo anachokadi. Ndinakunga waya uja mwaukali, ndinachotsa chingwe chogwirizira, ndinatolera zida zanga n'kupita kunyumba. Madzulo amenewo tinadya osayang'anana.

Lachitatu m'mawa Nkhalamba inanyamuka. Ndinaima pakhomo la shedi, sindinatsike kukatsanzikana naye. Ndinawaona a Kaputeni akuzungulira boti, akugwedeza waya uyu ndi uyo. Atandiona anakuwa kuti, "Ntchito ya mwana wa mmisiri sindiiyang'ana kawiri!" Ine ndinakweza dzanja monyadira.

Alamu, tiyi wachiwiri ndi pano.

Lachinayi linali tsiku langa lopuma. M'mawa ndinatulutsa beseni kuti ndichape. Ndinatenga ovolosi, ndipo monga mwa chizolowezi ndinapisa m'matumba kuti misomali isandibaye. M'thumba la pachifuwa chala changa chinakhudza kanthu kozizira. Ndinatulutsa. Kanali kapini, katsopano, konyezimira, miyendo yake ili phathiphathi, yosatanyulidwa.

Bambo, inu mukudziwa kale. Ku sitolo ya zida ndinatenga tipini tokwanira mawaya onse, osapitirira ndi kamodzi komwe. Ndinakhala pansi pambali pa beseni, ndinayesa kudzinamiza kuti mwina ndi ka boti lina. Ndinatseka maso n'kuyendera waya aliyense m'mutu. Kumanja ndinakumbukira pulayala ikutanyula miyendo. Kumanzere chimodzimodzi. Kumbuyo ndinakumbukira chifukwa kanandikanda pachala. Kutsogolo ndinangokumbukira nkhope ya Kamphepo ndi pepala lake.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi ichi: pini yaikulu ija ikanakhala yadzimbiri, youma, mwina ikanakakamira pomwepo mwezi wathunthu. Koma ine ndinaitsuka bwino, ndinaipaka girisi bwino. Ndinaikonzera njira yoti isololoke mosavuta. Ndipo waya wa kutsogolo akamasuka, mlongoti sugwera m'madzi, umagwera kumbuyo, pamene pamakhala alendo, pamene pamaima munthu wogwira chiongolero.

Pano pali chinthu chimene sindinauze munthu aliyense, ndipo ndikukuuzani inu nokha. Kwa kanthawi, mwina mphindi imodzi, ndinaganiza zongokhala chete. Ndinati waya ndi wokungika, pini siingasunthe, abwera Loweruka, ndidzatsika mwakachetechete n'kukalowetsa kapini palibe woona. Ndinaganiza za anthu onse aja akhala akudikira kuti mkazi uyu alakwitse. Ngalande ya madzi ochapira inali pompo, ndikanangotsegula dzanja. Mwana wanga ali panyanja, ine n'kumaganiza za dzina langa! Mphindi imeneyo ndimachita nayo manyazi kuposa kapiniko.

Ndinasiya zovala m'beseni, ndinathamanga ndi patapata mpaka ku ofesi. Abwana anali pa foni. Ndinaika kapini patebulo pawo. Anakayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kudula foni osatsanzika.

"Ndi ka pati?"

"Waya wa kutsogolo wa Nkhalamba. Sindinakaike."

"Mukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza."

Sananditukwane. Anatembenukira ku wayilesi n'kuyamba kuitana. Anaitana kakhumi, kunali zii. Mukudziwa kuti boti likalowa kuseri kwa matanthwe a zilumba zija wayilesi siimveka, mafoni nawo amafa. Abwana anayang'ana pepala la zanyengo limene amapachika pakhoma, anati mphepo ikula masana. Kenaka anatsegula zenera n'kukuwa kuitana a Chisoti.

A Chisoti mukuwakumbukira, makaniko wa mainjini uja ankadana nanu, amene chisoti chake chimachoka pamutu pokhapokha akamasamba. Ndi iwo amene tsiku langa loyamba ananena mokweza kuti sipanala imalemera m'manja mwa mkazi. Zaka zitatu takhala tikupatsana moni wa pamphuno. Atalowa, Abwana anawaonetsa kapini. Ine ndinakonzeka kumva zonse zimene anasunga zaka zitatuzo. Iwo anangoti, "Boti la injini lili ndi mafuta. Tengani jekete, mayi, kukunyowetsani."

Tinayenda maola atatu. Mafunde anali atayamba kuchita thovu pamwamba, ndipo boti likamenya funde lililonse ine ndinkaona pini ija ikusuntha pang'ono. Kapini ndinakafumbata m'dzanja mpaka kanasiya chizindikiro pachikhatho. Sindinalire, Bambo. Anali madzi a m'nyanja chabe amene ankandithira kumaso, ngakhale a Chisoti anandipatsa kansanza kawo kopukutira oyilo kawiri konse.

Titayenda ola limodzi, iwo anayamba okha kulankhula, maso ali kutsogolo.

"Chaka china, inu muli kusukulu, ndinasintha oyilo wa injini ya Nkhalamba yomweyi. Kabawuti ka pansi ndinangokagwiritsa ndi zala, ndinati ndimanga ndikamwa madzi. Ndinaiwala. Boti linali loti linyamuke ndi ana a sukulu khumi ndi awiri. Bambo anu anatsikira kukatenga chingwe, anaona kadontho. Anamanga okha. Kenaka anabwera pa benchi yanga, anaika sipanala yonona oyilo patsogolo panga n'kuchoka. Sananene kanthu kwa ine, kapena kwa abwana a nthawiyo, mpaka lero."

"Ndiye n'chifukwa chiyani munkadana nawo?" ndinawafunsa.

"Chifukwa chomwecho. Akananditukwana zikanatha tsiku lomwelo. Koma munthu kukukhalira chete choncho, umangomuona akudutsa, iwe n'kumva kuchepa."

Bambo, kodi zimenezi ndi zoona? Simunatiuzepo ngakhale kamodzi.

Tinafika pa chilumba choyamba, pamene Nkhalamba imagona tsiku loyamba. Panalibe boti. Ndinayang'ana pamadzi ponse kufuna nsalu yoyandama kapena thabwa. A Chisoti anati, "Musafulumire kulira maliro, mayi. A Kaputeni mphepo ikakhala iyi amathawira kuseri kwa chachiwiri." Tinazungulira. Thanthwe la chilumba chachiwiri ndi lalitali, limabisa zonse. Tikuyandikira, pamwamba pa thanthwelo ndinaona kanthu kakang'ono kakugwedezeka uku ndi uku. Kanali kambendera kofiira kaja kamakhala pansonga pa mlongoti.

Kambendera kali m'mwamba, ndiye kuti mlongoti uli chilili. Ndinagwira mkono wa a Chisoti mwamphamvu moti boti linakhota. Iwo anaseka n'kuti, "Mundithyola, nanga tibwerera bwanji?"

Titakhota tinaipeza Nkhalamba itaponya nangula pamadzi abata, matanga atapindidwa bwinobwino. Alendo awiri ankasambira. Winayo ankawerenga buku. Kamphepo anali atakhala kutsogolo kwenikweni, miyendo ikulendewera, akusenda lalanje. Sindinaonepo chinthu chokongola ngati mwana ameneyo akusenda lalanje.

Ndinakwera botilo a Chisoti asanamange n'komwe. Sindinapereke moni kwa aliyense. Ndinakwawa mpaka kutsogolo n'kugwada pa waya uja. Pini yaikulu inali m'malo mwake. M'kabowo kake munali kamphete kachitsulo, kaja timakolekamo makiyi.

"Ndi ka makiyi akunyumba," anatero Kamphepo kumbuyo kwanga.

Ndinatembenuka. "Unaona liti?"

"Lero m'mawa, titangonyamuka pa chilumba choyamba. Ndimayendera zitsulo zonse ndi dzanja tsiku lililonse, monga ankachitira Agogo ndili wamng'ono. Dzulo sindinayendere, ndinali nditakwiya. Lero nditafika apa chala chinakodwa. Pini inali itatuluka theka, Amayi, imaoneka girisi wanu akunyezimira. Thanga likangokupiza, iyo imasuntha ndikuona."

"Ndiye unatani?"

"Ndinaitsekera ndi chikhatho n'kukuwira a Kaputeni kuti atembenuze boti mphepo ibwere kumbuyo, kuti mlongoti utsamire kutsogolo. Anatsitsa thanga, anabweretsa chingwe, tinachimanga apa kuti chigwirizire. Kenaka tinamasula chokungira pang'ono, pini ndinaikhoma ndi chigwiriro cha mpeni, inalowa ngati ikudziwa kwawo. Bokosi la zida linalibe tipini ta saizi imeneyi, ndiye ndinakumbukira makiyi."

Anandionetsa chikhatho. Chinali ndi bala lozungulira, lofiira, pamene pini inkamukankha. Anangoti, "Si kanthu, chipola."

A Kaputeni anabwera akupukuta manja. Anati, "Mwavutikiranji ulendo wonsewu, mayi? Mwana wanuyu wakonza kale. Akuti kapini kanathyoka. Zitsulo za masiku ano n'zachabechabe."

Ndinamuyang'ana Kamphepo. Anayang'ana lalanje lake. Kapini kothyoka kamasiya chidutswa kapena chikanda m'bowo, ndipo iye amadziwa zimenezo monga ndikudziwira ine. Bowolo analipeza loyera. Mwana amene ndinamuthamangitsa pamaso panga Lachiwiri anali atandiphimba.

Ndinatambasula dzanja. "Sikanathyoke, a Kaputeni. Ndi aka. Kanali m'thumba mwanga. Sindinakaike."

A Kaputeni anakayang'ana kapiniko. Nkhope yawo inasintha. Analankhula motsitsa kuti alendo asamve, koma mawu ake anali olemera.

"Anthu asanu ndi mmodzi, mayi. Dzulo tinayenda tsiku lonse matanga onse ali m'mwamba. Amayi ali apowo anakhala pansi pa mlongoti akujambula zithunzi."

"Ndikudziwa."

"Ine ndinakudalirani."

"Ndikudziwa."

Anapuma mozama, anakanda ndevu, kenaka anati, "Inenso maso ndili nawo, ndinasankha kusawagwiritsa ntchito. Pulayala mwabweretsa? Kaikeni kanthu kanuko, ndione ndi maso anga."

Ndinachotsa kamphete, ndinalowetsa kapini, ndinatanyula miyendo yake. Ntchito ya kanthawi kosakwana kupuma katatu. Nditamaliza pulayala inandipulumuka n'kugwera pa matabwa. Kamphepo anaitola, anakhala pambali panga n'kundipatsa theka la lalanje. Kenaka awirife tinayendera waya aliyense, pini iliyonse, kawilo kalikonse, iye kutsogolo ine pambuyo, kenaka ine kutsogolo iye pambuyo. Zonse zinali bwino.

Tisananyamuke ndinamukokera pambali. Ndinati, "Unanamiranji?"

"Akanakuchotsani ntchito."

"Usadzachitenso. Ngakhale ndi mayi ako, ngakhale ndi kaputeni wako. Chitsulo chikasowa, unene chimene waona."

"Ndamva."

"Kusitima yako yaikuluyo kuli mapini angati?"

Anandiyang'ana osamvetsa. "Sindikudziwa. Mwina mazana."

"Ndiye akufunika munthu woyendera ndi dzanja. Pita. Koma ngakhale utakwiya chotani, uziyendera."

Bambo, mwana uja amene samalira ngakhale chingwe chitamusupula khungu, analira pamaso pa alendo. Mlendo wina anafunsa ngati kwagwa zovuta kunyumba. A Chisoti anamuyankha kuti, "Ayi, ndi mmene amapatsirana moni banja limeneli."

Pobwerera mphepo inali itakula ndithu, tinanyowa mpaka m'kati, koma ine ndinkangoseka ngati wopenga. Njala inandigwira yoti sindinaimvepo. A Chisoti anali ndi buledi wouma m'thumba la zida, wonunkha dizilo, ndipo ndinamudya yense.

Lachisanu Abwana anandiitana. Anandilembera kalata ya chenjezo, ndipo ndinasaina popanda kutsutsa chifukwa ndi yoyenera. Anati, "Mukanakhala chete n'kudzamva kwa wina, bwenzi pano tikutsanzikana. Pitani mukagwire ntchito." Akhazikitsanso lamulo latsopano. Boti lisananyamuke ulendo wautali, ntchito ya munthu aliyense iziyenderedwa ndi mnzake. A Chisoti aziyendera mapini anga, ine ndiziyendera mabawuti awo. Dzulo tinayamba. Anandipeza ndi kawilo kamodzi kamene ndinathira oyilo wambiri, ine ndinawapeza ndi paipi yosamangitsa. Tonse tinapita kunyumba titakhutira.

Nkhalamba inafika dzulo masana, alendo akuyamika ulendo wabwino. Vuto latsala limodzi. Pamene Kamphepo ankachotsa makiyi pa kamphete kaja, boti likugwedezeka, kiyi wa kuchipinda chake anagwera m'nyanja. Chitseko anachikhoma ponyamuka, chifukwa cha mkwiyo womwe uja. Dzulo analowera pazenera, anthu oyandikana nafe akuonerera, ndipo kalipentala abwera mawa.

Tsopano zopempha zanga. Choyamba, Amayi muwauze ndinu, pang'onopang'ono, mmene mumadziwira. Za kapini mukhoza kudumpha, koma za Kamphepo ayenera kudziwa, chifukwa abwera kumeneko sabata yachiwiri ya Seputembala kudzatsanzika. Akhala masiku asanu. Amayi akalira, asiyeni alire, koma asamubisire nsapato. Inunso musamufunse mafunso a mayeso tsiku loyamba lomwelo. Akuopa inu kuposa nyanja.

Chachiwiri ndi cha ntchito. Winchi ya kumanzere ya Nkhalamba, ija timakokera chingwe cha thanga la kutsogolo, ikulira mwachilendo ikalemedwa. Ndaimasula, ndatsuka zonse, magiya ndapaka girisi wopyapyala, timano take ndadontheza oyilo yekha osati girisi, monga munkanenera kuti tingamatirire. Tisipuling'i ndasintha. Ikulirabe. A Chisoti akuti ndi ukalamba chabe, koma ine sindikukhulupirira. Inu munakhala nayo zaka zambiri, mukuidziwa mtima wake. Ndiuzeni poyang'ana. Alamu alembe mmene mukunenera, ngakhale mawu ena atuluke movuta, ine ndidzamva.

Chachitatu, ngati mukufuna kundikalipira, ndikalipireni. Musandichite zimene munawachita a Chisoti. Zaka makumi awiri za chete sindingazikwanitse.

Moni kwa Amayi, muwauze kuti juzi anandilukira lija ndikuvala m'mawa uliwonse, ndipo pepani tiyi wachuluka lero. Moni kwa Achimwene, asamagwire ntchito mpaka kuiwala kudya. Moni kwa ana onse, wamng'onoyo muuzeni kuti kaboti kake ka thabwa ndikusema, Kamphepo abwera nako. A Kaputeni akupereka moni. A Chisoti anaima pakhomo la shedi nthawi yaitali, kenaka anati, "Muwauze akuluwo kuti sipanala ija ndikadali nayo, ndipo zikomo." Ponena zimenezo anavula chisoti, Bambo. Ndinaona ndi maso angawa. Ali ndi dazi.

Alamu, zikomo powerenga mpaka pano, Mulungu akudalitseni chifukwa cha mmene mukuwasamalira. Pakona ya pepala lomalizali muona banga lachikasu. Ndi chala changa. Ndinapita ku shedi m'mawa uno kukatseka chitini cha girisi, ndipo pobwera ndinagwira pepala ndisanasambe m'manja. Ndinafuna kukopera tsamba lonse kuti likhale loyera, koma ndaganiza zolisiya. Musalipukute. Mukamaliza kuwerenga, apatseni Bambo pepalali alinunkhize.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Nasipanala